Kodi kachitsulo kangatipatse mphamvu ngati ya dzuwa?

Funso: Zikomo a mkonzi. Ndimagulitsa chambo pa Mangochi boma, ndipo magetsi akazima aisi amasungunuka, nsomba n'kuyamba kuwonongeka ndikuona. Mwana wanga wa Fomu 4 akuti akatswiri akunja akupanga mphamvu ngati ya dzuwa m'kachitsulo kosatentha n'komwe. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Mangochi.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sakunama, kungoti nkhaniyi idakali kutali ndi nsomba zanu.

Dzuwa limawala chifukwa timitima ta ma atomu (tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga zinthu zonse) a mpweya wa haidrojeni timaphatikana n'kutulutsa mphamvu. Mwachibadwa timitimati timakankhana. Chimatikakamiza kukumana ndi kupanikizika ndiponso kutentha kwa madigiri pafupifupi 15 miliyoni pakatikati pa dzuwa.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ntchito ya chitsulo. Chitsulo cha palladium chimamwa haidrojeni wochuluka pafupifupi ka 900 kuposa kukula kwake. M'kati mwake muli ma elekitironi osawerengeka, omwe ndi tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, ndipo amenewa amachita ngati ankhoswe pakati pa awiri okangana: amachepetsa kukankhanako, timitima n'kuyandikirana. Ofufuza ku Germany ndi ku Japan atawombera deuterium, yemwe ndi haidrojeni wolemera, pa zitsulo zimene zinamwa kale deuterium, anapeza kuphatikana kochuluka kuposa kumene kumachitika mu mpweya, kuposanso zimene masamu awo ankaonetsa. Izi n'zenizeni ndithu.

Koma pano tiyende mosamala. Mu 1989, akatswiri Martin Fleischmann ndi Stanley Pons analengeza pa yunivesite ya Utah ku America kuti apeza kutentha kwa nyukiliya m'botolo lokhala ndi palladium ndi madzi olemera, kutanthauza madzi okhala ndi deuterium. Dziko lonse linatekeseka, koma ena atayesa kubwereza analephera. Gulu lothandizidwa ndi Google linayesanso, ndipo mu 2019 linati silinapeze umboni. Mu 2025 a yunivesite ya British Columbia ku Canada anadzaza deuterium mu palladium pogwiritsa ntchito magetsi, kuphatikana n'kukwera ndi pafupifupi 15 peresenti. Komabe mphamvu imene anatulutsa inali yochepetsetsa poyerekeza ndi magetsi amene makinawo anadya.

Choncho wina akadzabwera pamsika ndi kabokosi n'kumati ndi jenereta ya nyukiliya, chonde musamupatse ndalama yanu ya mpamba. Dzuwa la ku Mangochi ndi lokwanira kuyendetsa firiji ya sola, ndipo mutasonkherana ndi anzanu a ku banki m'khonde mukhoza kuyamba ndi imodzi. Mwanayo mumuuze alimbikire Fizikisi ndi masamu, mafunso akewa ndi omwe akuwazunguza mitu akatswiri lero.