Yankho kwa mayi amene afunsa za malo osangalalira ana pa tchuthi cha Disembala

Amayi, mwafunsa m'gulu lino la pa intaneti kuti ndalama za chilimba (zosonkherana n'kumalandira mosinthana) zimene mulandire mu Novembala mukaziwonongere kuti pakati pa Gold Reef City, Sun City, uShaka Marine World ndi mapaki a ku Dubai, kapena ngati kuli bwino kungokhala konkuno ku Lusaka, ndipo mwanena kuti ana anu ali ndi zaka 4, 8 ndi 13. Ambiri amene ayankha kale akuyerekezera mitengo ya matikiti a pachipata, koma ine ndikuona kuti tikiti ndi gawo laling'ono kwambiri la nkhaniyi. Pogula nkhuku ku Soweto Market ya muno mu Lusaka sitimangomva mtengo n'kutulutsa ndalama, timayamba tainyamula kuti timve kulemera kwake, ndipo kulemera kwa paki ndi maola amene mwana aliyense payekha adzakhale akusewera, osati amene adzakhale ataimirira pamzere kapena akuonerera anzake.

Musanalipire chilichonse, imikani ana onse atatu kukhoma muwayeze kutalika. M'mapaki onse aakulu, pakhomo la makina aliwonse othamanga amene anthu amakwera posewera pamakhala ndodo kapena bolodi loyezera, ndipo wogwira ntchito sayang'ana zaka za mwana kapena kumvera kuchonderera kwa makolo, amangoona ngati mutu wafika pachizindikiro. Makina ambiri amphamvu amafuna kuti wokwera akhale wamtali mamita 1.2, 1.3 kapena 1.4, chifukwa zomangira za pamapewa ndi za m'chiuno zinapangidwira thupi la msinkhu umenewo, moti mwana wamfupi akhoza kutsetsereka n'kutulukira pansi pake. Wanu wa zaka 13 adzakwera pafupifupi zonse, wa zaka 8 ali pamalire, ndipo wa zaka 4 adzaloledwa pa timagalimoto, tisitima ndi akatungwe a tiana basi. Ndinaonapo kamtsikana kakuimirira ndi zala za kumapazi kuti mutu ufike pamzere wofiira, wogwira ntchito n'kukapempha mwaulemu kuti kaponde pansi bwinobwino, ndipo kuyambira pamenepo tsiku lonse linali la misozi, mayi ake atakhala nako pabenchi akulondera zikwama za banja lonse. Pamenepo matikiti awiri, ya mwana ndi ya mayi, anali atapita pachabe. N'chifukwa chake muyenera kufunsa ngati pali tikiti yotsika mtengo ya munthu amene sadzakwera makina, komanso ngati ana aafupi ali ndi mtengo wawo.

Pa malo amene mwatchula, Gold Reef City ndi amene ndimawaona kuti ndi paki yeniyeni ya makina imene banja la ku Lusaka lingafikeko popanda kusaukira ulendo. Ili kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo inamangidwa pamgodi wakale wa golide umene unatsekedwa mu 1971, moti nyumba zake ndi misewu yake anazikonza mofanizira nthawi imene golide anapezeka m'deralo mu 1886. Mwana wanu wamkulu akasangalala ndi Anaconda, imene wokwera amalendewera pansi pa njanji miyendo ili lende, komanso Tower of Terror, imene imagwetsa anthu molunjika kulowa m'dzenje la mgodi. Koma chimene chimandichititsa kunena kuti ndalama zake zimabwerera si makinawo ayi, ndi ulendo wotsikira mumgodi mutavala zisoti, ndi chionetsero cha mmene amasungunulira golide n'kumuthira m'chikombole. Kwa ana a dziko la mkuwa, amene amamva za Kitwe, Chingola ndi Mufulira m'kalasi koma sanaonepo mkati mwa mgodi, limeneli ndi phunziro limene silidzaiwalika. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001 ndipo ili ndi tikiti yakeyake. Imeneyi ndi ya wa zaka 13 ndi inu makolo, si ya ang'onoang'ono awiriwo.

Vuto lalikulu la pulani yanu ndi mwezi umene mwasankha. Sukulu za ku South Africa nazonso zimatseka mu Disembala mpaka pakati pa Januwale, ndipo nthawi imeneyo aliyense amene anasunga ndalama chaka chonse amakhala ali pamzere womwewo ndi inu. Roller coaster, kasitima kothamanga pa njanji zokwera ndi zotsika ngati Anaconda, imatha mphindi ziwiri kapena zitatu, koma tsiku lodzaza anthu munthu akhoza kuidikirira nthawi yoposa theka la ola, choncho tikiti imene ikulonjeza makina onse imakupatsani ochepa chabe dzuwa lisanalowe. Kuwonjezera apo, chilimwe cha ku Johannesburg chimabwera ndi mvula ya mabingu masana, ndipo mphezi ikayamba kung'anima makina ataliatali amaimitsidwa kuti anthu atetezeke. Tchuthi chathu cha Ogasiti n'chosiyana kwambiri, chifukwa ana a ku South Africa amakhala ali m'kalasi, mvula kulibe, ndipo ngakhale kumazizira m'mawa, juzi imathetsa nkhaniyo. Chofunika n'kuona kaye masiku otsegulira, popeza kunja kwa tchuthi chawo pakiyi sitsegula masiku onse a sabata.

Sun City ndi nkhani ina. Ili m'chigawo cha North West, pafupi ndi Pilanesberg, ulendo woposa maola awiri pagalimoto kuchokera ku Johannesburg, ndipo chimene chimakopa ana ndi Valley of Waves, dziwe lalikulu la mchenga m'mphepete limene makina amapangiramo mafunde ofika pafupifupi mamita 2. Malo a madzi ali ndi ubwino umodzi umene malo a makina alibe: mwana wa zaka 4 amakhutira ndi madzi osaya tsiku lonse, osadikira pamzere, pamene akuluakulu akutsetsereka pamwamba. Komabe malowa anamangidwa kuti anthu azigona komweko, ndipo mukawerengera mtengo wa hotelo kapena wa galimoto yobwereka yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, mupeza kuti mwalipira zambiri kuti musambe m'nyanja yochita kupanga.

Apa ndi pamene uShaka Marine World ya ku Durban imapambanira. Inatsegulidwa mu 2004, ndipo ili ndi mbali ziwiri zazikulu, Sea World, malo oonerako zamoyo za m'nyanja, ndi Wet 'n Wild, malo osambirako okhala ndi zotsetserekera, zimene mungagulire tikiti imodzi yophatikiza. Ku Sea World mumalowa m'chinyumba chooneka ngati sitima yakale ya pamadzi yosweka, n'kumayenda m'makonde a mdima mukuyang'anizana ndi shaki ndi akamba a m'nyanja kuseri kwa galasi, kenako n'kukaonerera ma dolphin ndi ma penguin. Pamenepa palibe bolodi loyezera kutalika, moti ana onse atatu amapindula mofanana, ndipo mukatuluka pachipata mumapeza nyanja yeniyeni ya Indian Ocean, imene silipiritsa. Kwa ife a dziko lopanda gombe la nyanja yamchere, amene madzi aakulu timawaonera ku Siavonga kapena ku Samfya, tsiku lokhala pamchenga wa ku Durban ndi phindu limene limabwera popanda tikiti. Choipa chake ndi mtunda, chifukwa Durban ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Johannesburg, choncho pamafunika ndege yachiwiri kapena maola ambiri pamsewu wa N3, ndipo mu Disembala magombe ake amadzaza kwambiri ndiponso malo ogona amakwera mtengo.

Za Dubai sindichulutsa mawu. IMG Worlds of Adventure, Motiongate ndi Legoland Dubai, zimene zonse zinatsegulidwa mu 2016, ndi zokongoladi, ndipo ku Abu Dhabi kuli Ferrari World kumene roller coaster ya Formula Rossa imathamanga makilomita 240 pa ola. Koma ulendo wa pandege ndi wa maola pafupifupi 7, aliyense amafunika viza, zonse mumalipira mu dirham, ndipo Disembala ndi nyengo imene alendo amachuluka chifukwa kumakhala kosatentha kwambiri. Mu Ogasiti mitengo ya mahotelo imatsika, koma kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ndi mapaki a m'nyumba okha amene mungakhalemo masana. Ngati munali kale ndi ulendo wa bizinesi wopita kumeneko, kuwonjezerapo tsiku limodzi la paki n'kwanzeru, koma kunyamula banja lonse chifukwa cha makina okha, mwana mmodzi asanafike msinkhu wowakwera, ine sindingakulimbikitseni. Amene anatchula Disneyland Paris akumbukirenso kuti pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, komanso ndalama za euro m'nyengo yachisanu.

Poyerekezera, lembani papepala mtengo wa ulendo wonse, kuyambira pakhomo panu mpaka kubwereranso. Mwana aliyense amafunika pasipoti yake. Pandege, mwana amene wakwanitsa zaka 2 amalipirira mpando wake, ndipo makampani ambiri amawerengera wa zaka 12 kupita m'mwamba ngati munthu wamkulu, choncho woyamba kubadwayo adzalipira ngati inu. Kuchokera pabwalo la Kenneth Kaunda kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg ndi maola pafupifupi awiri, ndipo a pasipoti ya Zambia safunika viza pokacheza kwa masiku ochepa ku South Africa. Basi yochokera pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka ndi yotsikirapo mtengo, koma imatenga nthawi yoposa tsiku lathunthu pamodzi ndi kudikira pamalire, ndipo mwana wa zaka 4 amafika atatopa moti tsiku lotsatira limangopita ndi kugona. Muwerengerenso chakudya cha mkati mwa paki, chifukwa malo ambiri otere salola kulowa ndi chakudya cha kunyumba, ndipo chips ndi zakumwa za anthu asanu zikhoza kuyandikira mtengo wa tikiti ina. Palinso timabokosi tosungira katundu, zithunzi zimene amakujambulani muli pamakina, ndi masewera opatsa zidole amene amalipiritsa padera, ndipo zonsezi ana amazipempha muli kale mkati, pamene kukana kumavuta. Mukaphatikiza zonse, gawani ndi maola amene mwana aliyense adzasewere, ndipo mudzaona nokha kuti ola limodzi la wa zaka 4 ku Gold Reef City likudula kangapo kuposa ola la mkulu wake.

Tsopano za kwathu kuno, kumene ena akukunyoza m'mayankho awo. N'zoona kuti Lusaka ilibe roller coaster yofanana ndi Anaconda, ndipo wa zaka 13 adzazindikira kusiyanako. Koma kwa ana awiri ang'onoang'onowo, malo athu amapereka maola ochuluka pa kwacha iliyonse. Ku Munda Wanga, ku Chilanga pamsewu wa Kafue, kuli munda wa mitengo ndi maluwa umene Ralph Sander anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, pamodzi ndi malo osungira nyama. Ku Kalimba Reptile Park mwana amaona ng'ona, nsato ndi mamba pafupi, ndipo kuli maiwe owedzako nsomba. Ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, kuli Wildlife Discovery Centre kumene amasamalira ana a njovu amasiye, ndipo kuona kanjovu kakuthamangira botolo la mkaka m'manja mwa wosamalira ndi chinthu chimene mwana wa zaka 4 adzachisimba kwa agogo ake mwezi wonse. Malo osambirako okhala ndi zotsetserekera aliponso angapo mumzindawu, ndipo ubwino wake ndi wakuti mvula ikakusokonezani mumangobwerera kunyumba n'kudzapitanso Loweruka lina, zimene simungachite mutalipira ndege ndi hotelo. Ingoimbani foni kaye kuti mudziwe mtengo wa tsikulo, ngati amalola kulowa ndi chakudya chanu, komanso ngati padziwe pali wopulumutsa anthu, chifukwa funso lomalizali ndi lofunika kuposa mtengo.

Maganizo anga ndi akuti Disembala uno mukhale konkuno, muwononge gawo laling'ono la ndalamazo pa malo atatu kapena anayi a mu Lusaka m'masiku osiyanasiyana, ndipo zotsalazo muzisunge mpaka Ogasiti. Ngati mtima wanu uli pa wamkuluyo, amene zaka zake zokonda kuyenda ndi makolo zikuchepa, kholo limodzi lipite naye ku Gold Reef City, pamodzi ndi wa zaka 8 ngati wafika mamita 1.3, ndipo wamng'ono atsale ndi lonjezo la ulendo wake akadzakula. Ngati simukufuna kugawa banja, ndiye sankhani Durban, chifukwa ndi kumene onse asanu mudzachite zinthu limodzi, ndipo kumeneko ngakhale mu Ogasiti sikuzizira ngati ku Johannesburg, ngakhale kuti ndi bwino kufunsa ngati zotsetserekera za Wet 'n Wild zidzakhale zotsegula pa masiku anuwo. Njira iliyonse imene mungasankhe, yambani za mapasipoti a ana panopa, ndipo matikiti a paki mudzagule pa intaneti pa tsamba la eni ake masiku oyendera akatsimikizika, osati kwa anthu amene amatsatsa matikiti otchipa m'magulu ngati lino.