Kwa achemwali amene mukufuna kufufuza midzi yakale ya Amaya

Achemwali, mwati mwamaliza digiri ya mbiri yakale, mtima uli pa Amaya, anthu amene anamanga mizinda yakale ku Mexico ndi ku Central America, ndipo mukufunsa ngati munthu angafike pokhala mphunzitsi wa payunivesite pofufuza midzi ndi makomo awo akale, komanso poyambira pake. Ndaona ena akuyankhani kale kuti imeneyo si ntchito yodyetsa ana. Sakunama kwenikweni, koma ayankha mwachidule kwambiri. Ine ndinakumbako nyengo ziwiri ku Belize ndili pasukulu, kenaka ndinapatuka n'kuyamba ntchito yojambula mapu, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona.

Mapiramidi ndi manda a mafumu amene mumaona pa TV aja muyambe mwawaiwala. Wofufuza za makomo amakhala kutchire, kutali ndi kumene alendo amajambulitsa zithunzi. Nyumba ya mlimi wa Chimaya inali yamitengo, yomata dothi, yofolera udzu kapena masamba a kanjedza, yomangidwa pa chiunda cha miyala. Zonsezo zinaola kalekale. Chotsala ndi kachitunda kolekeza m'mawondo, ndipo mukaona titunda titatu kapena tinayi tazungulira bwalo limodzi, mwapeza khomo la banja. Mukakumba mumapeza mapale, mphero yoperera chimanga, timipeni ta obsidian, mwala wakuda wonga galasi uja, zigoba za nkhono padzala, ndipo nthawi zina mafupa a munthu pansi pa nyumba, chifukwa iwo ankaika abale awo m'nyumba momwemo. Tsiku limodzi lokumba limabala masiku angapo otsuka mapale ndi mswachi, kuwawerenga ndi kuwalemba manambala. Amene zimenezi zimamutopetsa asayambe n'komwe.

Kale ofufuza sankalabadira zitunda zimenezi. Gordon Willey wa ku Harvard ndiye anatembenuza zinthu pamene anayamba kukumba ku Barton Ramie, m'chigwa cha mtsinje wa Belize, mu 1954, malo opanda kachisi wamkulu aliyense. Ku Tikal, mzinda wakale wa ku Guatemala, gulu la University of Pennsylvania litajambula mapu a zitunda zikwizikwi zozungulira akachisi, maganizo akuti mizinda ya Amaya inali malo opembedzerako chabe, opanda anthu okhalamo, anagwa. Funso linasintha: anthu onsewa ankadya chiyani, ankatunga kuti madzi, nanga ankagwirizana bwanji ndi mafumu?

Malo amene anandikopa ine ndi Joya de Cerén ku El Salvador. Cha m'ma 600 AD phiri la Loma Caldera linaphulika n'kukwirira kamudzi konse ndi phulusa lokuya mamita angapo. Anthu anathawa, katundu anasiya. Mu 1976 buludoza yosalaza malo inagumula khoma la nyumba imodzi, ndipo Payson Sheets wa ku University of Colorado anayamba kufufuzapo mu 1978. Anapeza nyemba zili m'miphika, mbale zosatsuka zooneka mmene zala zinakombera chakudya, chimanga chili pamizere kuseri kwa nyumba, bakha ali womangirira, ndi mipeni yakuthwa yotsomekedwa kudenga, mwina poopa ana. Mu 2007 anapezanso munda wa chinangwa, mbewu imene kawirikawiri imaola osasiya chizindikiro. Nditawerenga za mipeni yakudenga ija ndinaseka ndekha, chifukwa agogo anga ankabisa lumo malo omwewo. Apa ndiye pali mwayi wanu umene anzanu okulira m'mizinda ya ku America alibe: mukudziwa mmene nyumba yomata imagwera ikasiyidwa, kumene phulusa limatayidwa, chifukwa chake mafuwa amakhala atatu. Koma samalani, kufanana kwa zinthu si umboni. Aprofesa adzakufunsani kuti dothi likunena chiyani, osati agogo anu.

Tsopano njira yake. Chisipanishi yambani lero. Belize yokha ndiyo Chingerezi chimayenda. Ku Mexico, Guatemala, Honduras ndi El Salvador malipoti, zilolezo ndi macheza ndi anthu okumba nanu zonse n'zachisipanishi. Chilolezo chokumba chimachokera kuboma, INAH ku Mexico, IDAEH ku Guatemala, Institute of Archaeology ku Belize, ndipo wophunzira sapatsidwa yekha, amalowa pansi pa pulojekiti ya wina. Choncho posankha sukulu ya PhD musayang'ane kutchuka kwa dzina, yang'anani mphunzitsi amene ali ndi malo okumba ndipo akulandira ophunzira. Ku America maphunzirowa amakhala mu dipatimenti ya anthropology (maphunziro a anthu ndi chikhalidwe chawo), monga ku Tulane kapena ku University of Texas ku Austin, ndipo amatenga zaka 6 kapena kuposa. Musavomere malo opanda thandizo la ndalama. Ndalama za kafukufuku wakutchire amazipempha padera, ndipo bungwe lopereka ndalamazi la Wenner-Gren Foundation sililabadira kuti wopempha ndi wa dziko liti.

Asanakutengeni amafuna aone kuti munagwirako trowel, kachipangizo ka m'manja kokumbira. Masukulu okumba a ku Belize, monga pulojekiti ya BVAR (Belize Valley Archaeological Reconnaissance) imene anayambitsa Jaime Awe, amalandira ongoyamba, koma ngolipira, ndipo mukaonjezera tikiti ya ndege thumba limalira. Ngati muli ku Malawi, yambani kwanu komweko, funsani ku dipatimenti yoona za malo akale ngati pali gulu lofuna othandiza. Kudula dzenje lowongoka ndi kujambula mizere ya dothi n'chimodzimodzi ku Dedza ndi ku Petén, chigawo cha kumpoto kwa Guatemala.

Za ntchito ndisakubisireni. Omaliza PhD chaka chilichonse ndi ambiri kuposa mipando ya uphunzitsi yotseguka, ndipo anzanga angapo anzeru kundiposa akhala zaka akuphunzitsa pa makontirakiti a chaka chimodzichimodzi, akusamuka mzinda ndi mzinda. N'chifukwa chake ndikuti mutuluke ndi luso limene lingagulike kwina. Lotentha pano ndi LiDAR, makina a laser oulutsa pandege amene amaona nthaka kupyola masamba. Ku Caracol, mzinda wakale wa ku Belize, Arlen ndi Diane Chase anakhala zaka zoposa 20 akutema tchire kuti ajambule mapu, koma mu 2009 ndege inajambula masikweya kilomita 200 m'masiku ochepa chabe. Zotsatira za ku Petén zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa zomangidwa zoposa 60,000. Wina ayenera kuziwerenga pakompyuta n'kupita kukatsimikiza pansi, pakati pa nkhupakupa ndi njoka, ngati chitunda chilidi nyumba kapena ndi mizu ya mtengo wakugwa. GIS, luso lojambula ndi kusanthula mapu pakompyuta, imene ndinaphunzira pa ntchito yotereyi ndiyo ikundidyetsa lero.

China chimene pa TV sanena: Amaya sanathe. Alipo mamiliyoni, akulankhula K'iche', Q'eqchi', Yucatec ndi zinenero zina, zonse pamodzi pafupifupi 30. Bambo amene anandiphunzitsa kusiyanitsa pansi pozira ndi dothi wamba anali mlimi wa m'mudzi wapafupi, ndipo anali atakumba nyengo zambiri kuposa aprofesa athu. Tsiku langa loyamba ndinaboola pansi pa nyumba osazindikira, iwo anangotenga trowel yanga n'kugogoda kawiri kuti ndimve kusiyana kwa kalilidwe kake.