Akuchimuna akubwera 14 pa Pasaka, ndikatenge ngongole?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo. Amuna awo alengeza pa gulu la WhatsApp la kubanja kwawo kuti Pasaka ya chaka chino onse adzadyere kwa iwo, ndipo mayiwo nkhaniyi aimvera pa foni pomwepo ngati wina aliyense. Akubwera apongozi onse awiri, azilamu ndi ana awo, anthu 14 m'nyumba ya zipinda ziwiri. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi ndikatenge ngongole ku banki m'khonde kuti ndisachite manyazi pamaso pa akuchimuna?"

Achemwali, musatenge. Koma mundilole ndiyambe ndalankhula, chifukwa mwandigunda pachilonda.

Ine ndinakwatiwa kubanja lalikulu la ku Ntcheu, ndipo pa abale onse ife ndi amene tinali ndi nyumba m'tauni, ku Chilomoni. Ndiye mukudziwa kale. Wobwera kuchipatala amafikira kwathu, wosaka ntchito kwathu, Pasaka kwathunso. Zaka zoyambirira za banja lathu, Lachisanu Loyera anzanga akumpingo ankakwera phiri la Michiru pa Njira ya Mtanda, ine ndili chiweramire pa mbaula, maso ali psuu ndi utsi wa makala osapsa bwino. Ndinkadzuka tambala woyamba. Madzi osamba a apongozi, tiyi, kusesa pabwalo, kusosola nkhuku, kusankha mpunga. Bambo akunyumba ali pansi pa mtengo wa mango ndi abale awo, bawo ili pakati, kuseka mpaka kugwira nthiti. Chakudya chikapsa ndinkawasambitsa m'manja nditagwada, mbale zinkapita zodzaza n'kubwera zili mbee, ine n'kudya chiimirire kukhitchini zotsala m'mbale za ana. Tsiku lonyamuka alendo ankathokoza bambo. "Achimwene, mwatilandira bwino." Bambo n'kumayankha kuti "aa, zochepa," ngati mthikowo anaugwirako.

Chaka china apongozi anga aakazi anatsika minibasi ndi thumba lomwe kondakitala anachita kulitsitsa akudandaula. Munali maungu, mtedza wauwisi wa dothi lake, chimanga chachiwisi, ndi nzimbe zodulidwa zomangidwa ndi luzi. Bambo analikokera kuseri kwa chitseko, ati tsiku la chikondwerero alendo sitingawapatse zakumunda. Tinaphika mpunga wa Kilombero, nkhuku zoyera zogula, kabichi wothira mayonezi, mabotolo a zakumwa ndandanda patebulo. Mayi aja anadya mwaulemu, pang'onopang'ono, n'kusamba m'manja osanena kanthu. Dzuwa litapendeka ndinamva akundiitana: "Apongozi, maungu aja mwasungira ndani?" Anayala mkeka kuseri kwa nyumba, anapempha mpeni ndi poto wamkulu. Pansi pa poto anayalapo makoko a chimanga kuti maungu asanyeke, timadzi pang'ono, zibenthu za maungu pamwamba, n'kuvundikira. Mtedza anauphika mu poto wina ndi mchere, wosasenda. Ana amene anasiya mpunga masana analimbirana maungu aja, manja ali chikasu mpaka m'zigongono. Azilamu anga anabwera mmodzimmodzi kudzakhala pamkeka, wina kusenda nzimbe, wina kuotcha chimanga, nkhani za kumudzi zili mkati: wakwatiwa ndani, munda wa ndani walowa mbuzi. Akubawo aja anatuma mwana kudzapempha chimanga chootcha. Ine tsiku limenelo ndinakhala pansi, miyendo nditatambasula, alendo ali pakhomo.

Kuchokera pamenepo mutu wanga unauma pa nkhani imeneyi, ndipo ukuumirabe.

Taganizani nthawi yomwe Pasaka imagwa. Sipitirira pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo, ndiye kuti m'masika mwenimweni. Mvula ikutsazika, chimanga chakhwima, maungu ali mbwee m'mizere, mtedza akuzula, mbatata zayamba, magwafa akuwolera pansi, mapeyala akadalipo. Khirisimasi ndi ina. Imabwera chimanga chili m'mawondo, nkhokwe yatsika, ndalama yapita ku feteleza. N'chifukwa chake phwando la Khirisimasi ndi la kugolosale: mpunga, buledi, zakumwa za m'botolo, chifukwa kumunda kulibe choti ukathyole kupatula nkhwani ndi bonongwe. Ife am'tauni tatenga phwando la Disembala lija n'kulisamutsira ku Epulo osafunsa kuti linayamba bwanji. Kwathu kwa agogo ku Dedza, mlendo wobwera mu Febuluwale ankaonedwa ndi diso lina, amayi akuwerenga mumtima mitanda ya nsima. Wobwera m'masika ankamulandira chimwemwe chili tsaya, chifukwa kumudyetsa kunali kungotuma mwana kumunda. Mwezi wosavuta kulandira alendo pa chaka chonse ndi umenewu, ndiye munthu ukatengerenso ngongole?

Mudzati inu muli ku Area 25, munda mulibe. Zoona. Koma msika wa Nsungwi muli nawo pafupi, ndipo nthawi imeneyi zakumunda zimakhala zotsika mtengo kuposa miyezi ina. Amene akubwera kuchokera kummwera adutsa pa Lizulu, pomwe kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi amachita kukulowetsera pawindo la basi. Dzungu limodzi lalikulu limakhutitsa ana angapo mmawa. Buledi woti akhutitse ana omwewo, ndi majarini wake, ndi shuga wa mu tiyi, kawerengereni nokha.

Ndipo thobwa! Sindimvetsa kuti tinayamba liti kuchita nalo manyazi. Chimera cha mawere kapena cha chimanga chimapezeka pamsika, chogaya kale. Mumaphika phala la mgaiwa mu poto wamkulu, mukaphula mulisiye lizizire pang'ono, loti chala chikhoza kupirira, n'kuthira chimera mukutakasa. Muona phala lolimba lija likusungunuka lokha. Ligone usiku, mmawa mulibwatitsenso bwinobwino, lizizire, shuga pang'ono ngati mukufuna. Chidebe chimodzi chimamwetsa nyumba yonse masiku awiri, ndipo mwana akamwa kapu imodzi sabweranso kudzakukokani chitenje kuti njala. Musangolisunga masiku ambiri, lingasanduke zina, apongozi a mumpingo angayambe kuyimba nyimbo zomwe sitiyimba pa Pasaka. Zakumwa za m'botolo kreti imodzi imatha musanatembenuke, ana atsegula, amwa theka, asiya padzuwa, ntchentche zili ng'waa.

Tsono za manyazi mukunenazi. Manyazi pamaso pa ndani? Apongozi anu akudziwa mtengo wa mafuta ophikira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe mudzi womwe nkhani imeneyi sinafike, chifukwa thumba la feteleza linawauza. Ine ndimaona kuti manyazi ambiri timawatenga pa Facebook. Mnzathu waika chithunzi cha tebulo lodzaza, keke pakati, ana avala zofanana, ife mtima phaa. Chithunzi sichionetsa kabuku ka ngongole. Ndalama ya banki m'khonde ndi yoti ukaode tomato kapena kaunjika, ibale, ubweze ndi chiwongoladzanja chake mwezi ukatha. Mukaidyera mu mpunga, pofika Lachiwiri yathera m'chimbudzi (mundikhululukire), koma chiwongoladzanja chili maso. Pasaka ikangodutsa teremu yachitatu ikutsegulira, fizi ikufunika. Alendo anu adzakhala atafika kwawo, akusimba kuti ku Lilongwe tinadya bwino, inu kuno amayi a banki m'khonde ali pakhomo kudzanyamula matiresi. Ndinaziona kwa mnansi wanga, ndi maso angawa, mapoto akutuluka m'nyumba masanasana anthu akuonerera. Manyazi ake amenewo simungawayerekeze ndi opatsa apongozi nyemba.

Koma ndinene mosapsatira, vuto lanu lalikulu si ndalama. Vuto ndi bambo amene aitana anthu 14 osakufunsani. Azibambo athu ambiri amakonda ulemu wa kulandira alendo, ntchito yake ayi. Amaitana ndi pakamwa, wina alandire ndi msana. Ndipo akalengeza pagulu amadziwa kuti mkazi sangakane, chifukwa akakana dzina lake lipita kumudzi basi isananyamuke: mkazi wa achimwene ndi woumira, safuna abale. Ndakhala ndikumva amayi akulu akulangiza pa chinkhoswe ndi pa bulaidoshawa kuti mkazi wabwino salola mlendo kugona ndi njala. Sindikutsutsa. Koma sindinamvepo wina akuimirira kulangiza mwamuna kuti usanaitane anthu uyambe wafunsa amene adzaphike. Walira mvula walira matope. Amene waitana ndiye atulutse ndalama ya ndiwo, akagule makala, atunge madzi m'zigubu, aphe nkhuku ndi kusosola yekha. Sichamwano chimenecho. Ndipo nthutumba ija, imene timasungira mlendo wolemekezeka kapena bambo, ine masiku ano ndimaika m'mbale ya apongozi aakazi, dala, pamaso pa onse. Bambo akunyumba anayang'ana kumbali tsiku loyamba, pano anazolowera.

Si nkhani yoitanira ankhoswe iyi, musafulumire. Ndi nkhani ya kuchipinda, usiku ana atagona, pepala ndi cholembera zili m'manja. Muwerengere limodzi: anthu 14, kudya katatu pa tsiku, kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. Azibambo ena sachita mwankhanza, sadziwa chabe kuti ndowa ya ufa imatha masiku angati. Akaona nambala papepala nkhope imasintha.

Pena ndichenjeze, chifukwa ndalankhula ngati masika onse ndi okoma. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba kummwera, ife a ku Blantyre sitidzaiwala. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Zaka ngati zimenezo wachibale wochokera kumudzi sabwera ndi thumba, amabwera ndi njala, ndipo mwina Pasaka ya kwanu ndi pomwe akadye nsima yokhuta. Ndiye musanauze munthu kuti abwere ndi maungu, yambani mwafunsa kuti kumunda kwayenda bwanji chaka chino. Koma azilamu apantchito, a malipiro a pamwezi, amene amabwera manja ali m'thumba ndi ana anayi n'kumafunsa ngati kuli soseji, amenewo musawamvere chisoni.

Nanga muchite chiyani

Bambo alembe pa gulu lomwelo, iwo osati inu, kuti banja lililonse lapantchito litumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo akumudzi abwere ndi zomwe munda wapereka. Nyama ikhale ya tsiku limodzi, Lamulungu, nkhuku zachikuda ziwiri kapena zitatu zodula tizidutswa tambiri ndi msuzi wokwanira. Masiku enawo nsima ya nyemba, usipa, nkhwani wotendera. Mmawa maungu, futali, thobwa. Azilamu aakazi apatseni mthiko tsiku lomwe afika, atsikana mbale, anyamata madzi. Apongozi apatseni chipinda, ena onse mikeka pabalaza, amuna kwina akazi kwina, ndipo aliyense abwere ndi chofunda chake chifukwa usiku wa Epulo ku Lilongwe umayamba kuzizira. Maneti musaiwale, udzudzu wa kumapeto kwa dzinja ndi umene umagoneka ana m'chipatala.

Chimene chimapweteka kwenikweni, chomwe simunachitchule mu imelo yanu, ndi thiransipoti yobwerera. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame a m'tauni amadikira kaye ndalama ya basi. Munthu amabwera yobwerera alibe, Lolemba la Pasaka likwana, iye ali phee kuonera TV, Lachitatu, Loweruka, mpaka mwezi uthe bambo alandire. Sangakuuzeni kuti ndilibe, inunso simungamufunse kuti munyamuka liti, nonse mukungomwetulirana ufa ukutha. Ine ndinafika poti ndalama ya thiransipoti ya apongozi ndimaipatula alendo asanafike, ndimaika mu envulopu pansi pa zovala, ndipo siyikhudzidwa ngakhale mafuta athe. Ena onse bambo amawauziratu pa foni kuti ya basi yopita ndi yobwera ikhale m'thumba asananyamuke kwawo. Mlamu wanga wina anakwiya nazo, anakhala osabwera, kenaka anayambanso kubwera, ndipo masiku ano ndi iye amene amatsika ndi nkhuku yamoyo m'manja.

Ngati bambo akana kulemba uthengawo pagulu, ati n'zochititsa manyazi, auzeni modekha kuti ngongoleyo akatenge iwo m'dzina lawo kuntchito kwawo. Mundilemberenso Pasaka ikadutsa, ndimve kuti anasankha chiti.