Kodi Mama Sita ndi ndani, ndipo timapaketi take tingathandize mphika wanga?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe ndi namwino ku Leeds, ku England. Akuti mnzawo wa ku Philippines, yemwe amagwira naye ntchito usiku, anawapatsa timapaketi tiwiri ta ufa wokometsera ndiwo tolembedwa kuti Mama Sita's, kena ka sinigang, kena ka kare-kare. Akufunsa kuti: mayi ameneyu analipodi, kapena ndi dzina longopeka la otsatsa malonda? Nanga aphike bwanji?

Achemwali, analipodi. Dzina lake anali Teresita Reyes, anabadwa mu 1917 n'kumwalira mu 1998. Mayi ake, Engracia Cruz-Reyes, omwe anthu ankawatchula kuti Aling Asiang, ndi amene anayambitsa lesitilanti ya Aristocrat ku Manila mu 1936, ndipo mpaka lero ikadali pa msewu wa Roxas Boulevard, yotchuka ndi nkhuku yootcha. Teresita anakulira m'khitchini imeneyo. Atapita kumayiko akunja anapeza anthu akwawo akulira chakudya cha kumudzi, zopangira zake kulibe. Ndiye mu 1980 mwana wake Clara ndi mwamuna wa Clarayo, a banja la Lapus, anatsegula kampani ya Marigold n'kuyamba kupanga zokometsera za mayiwo m'mapaketi ndi m'mabotolo.

Mfundo yanga ili pomwepa. Timapaketiti anatipangira munthu amene ali kutali ndi kwawo, wotopa, wopanda mtondo ndi munsi. Inu ku Leeds ndinu munthu ameneyo, ngakhale kwanu si ku Manila.

Tiyambe ndi kare-kare, chifukwa ikudabwitsani: ndi ndiwo zotendera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amatendera nyama, makamaka mchira wa ng'ombe, nthawi zina ndi chifu chomwe. Msuzi wake ndi wa mtedza, wolimbitsidwa ndi ufa wa mpunga wokazinga, ndipo mtundu wake wachikasu chofiirira umachokera ku njere za achuete. M'paketimo muli zimenezo zitasakanizidwa kale. Wiritsani mchirawo maola atatu kapena mpaka nyama iyambe kusiyana ndi fupa, sungunulani ufawo m'madzi ozizira pang'ono musanathire kuti usachite mibulu (monga timachitira ndi nsinjiro), kenako ikani mabiringano, zitheba ndi masamba. Mukalawa mudzati mchere wachepa. Musathamangire kuwonjezera. Eni ake amachita dala, popeza amadyera limodzi ndi bagoong, tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja tosungidwa mumchere mpaka kununkha mwamphamvu. Mnzanuyo ali nayo ndithu m'firiji, mupempheni supuni imodzi. Ine tsiku loyamba fungo lake linandibweza, koma lero kare-kare wopanda bagoong ndimamuona ngati nsima yopanda ndiwo.

Sinigang ndi msuzi wowawasa, ndipo chowawasitsacho ndi bwemba. Inde, bwemba womwe uja. Amaphika ndi nkhumba, nsomba kapena ma shrimp, pamodzi ndi tomato, anyezi ndi masamba a kangkong. Kangkong ndi mbale wake wa mbatata, choncho kholowa amalowa m'malo mwake bwinobwino. Apa chenjerani, ufa wa sinigang uli ndi mchere wambiri kale. Thirani theka la paketi, lawani, kenako muone. Amene mukuwerenga muli ku Salima kapena ku Chikwawa, komwe bwemba amangogwa yekha, paketi simukuifuna: viikani bwemba m'madzi otentha, finyani, sefani.

Chimodzi chomwe sindingakulangizeni kugula ndi ufa wa adobo, ngakhale kampaniyi imapanganso. Adobo ndi nyama yophikidwa ndi viniga, soy sauce, adyo, tsabola wakuda ndi masamba a bay basi, ndipo zonsezi mumazipeza musitolo ya pafupi ndi kwanu.

Zakudyazi amadyera mpunga woyera wopanda mchere. Ndinayesapo kare-kare ndi nsima ndipo zinayenda bwino kwambiri. Sinigang ndi nsima ayi, msuzi wake ndi wamadzi kwambiri, mbamu imangosungunukiramo.