Za van yanu ya 1998 yochokera ku Arizona

Achimwene, mwafunsa ngati van yanu ya 1998 yochokera ku Arizona ingadutse smog check (kuyeza utsi wa galimoto) ya ku California, ku America. Ingadutse, koma muikonzekeretse. Galimoto za petulo za 1976 mpaka 1999 amaziyeza utsi pa ekizozi penipeni, ndiye yendetsani kaye pa freeway kuti injini itenthe bwino musanafike koyezetsako. Nyali ya check engine ikakhala yoyaka, mwalephera basi. Musachotsenso batire pofuna kuizimitsa, chifukwa kompyuta imafufuta zomwe inasunga ndipo makina a oyeza utsiwo amaona zimenezo.

Chimene ndingayambe kuyang'ana ine ndi catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi chochepetsa utsi woipa. Ngati mwini wake wakale anaikapo yotchipa yosavomerezedwa ndi CARB (bungwe la boma la California loona za ukhondo wa mpweya), adzakubwezani ngakhale utsi uli bwinobwino, ndipo yovomerezekayo si yotsika mtengo ayi.