Set ikagwa pa flop, musabisale nayo

Mchimwene wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Amasewera poker ya no-limit hold'em pafoni, pa matebulo a masenti 2 ndi 5, amene timati NL5. Akuti anali pa big blind (malo okakamizidwa kuika masenti 5 makadi asanagawidwe) ndi 7-7 m'manja, aliyense ali ndi $5 patsogolo pake. Mnzake anakweza kufika masenti 15, iye anapanga call, kutanthauza kufananitsa ndalama yake ndi ya mnzakeyo. Flop, makadi atatu oyamba oikidwa pa tebulo, inabwera K-7-4, K ndi 4 ali a mtima, ndiye anagwira set, ma 7 atatu. Anapanga check (kudutsa osabetcha), mnzakeyo anabetcha masenti 20, iye n'kungoti call. Pa turn, khadi lachinayi, panagwa 9 wa mtima, onse awiri check. Pa river, khadi lomaliza, anabetcha masenti 40, mnzake anayankha n'kuonetsa A-K. Poto analipo $1.52. Funso lake ndi loti: "Ndinasewera bwino pobisa dzanja langa? Ndimaopa kuti ndikakweza athawa."

Achimwene, zikomo polemba. Poto munawina, koma dzanjalo simunalisewere bwino. Yang'anani zimene zinatsala patsogolo pa mnzanuyo: $4.25. Ndalama imeneyo ndi imene munaisaka popanga call ndi 7-7, ndipo inabwerera kwawo.

Mukakhala ndi makadi awiri ofanana m'manja, lachitatu limagwa pa flop pafupifupi ka 12 pa maulendo 100, kapena tinene kamodzi pa maulendo 8 ndi theka. Maulendo ena onsewo mumataya masenti 15 aja n'kudikira dzanja lina. Ndiye set ikabwera, ili ndi ngongole yoti ibweze ya maulendo onse amene inakana kubwera. Mukawina kapoto kakang'ono, ngongoleyo siitha, komanso kumbukirani kuti eni malo amadula gawo lawo, lotchedwa rake, pa poto. N'chifukwa chake ambiri amati musapange call ndi peya yaing'ono pokhapokha ngati inuyo ndi mnzanuyo muli ndi ndalama zokwana ka 15 kapena kuposerapo pa mtengo wa call. Pa masenti 15, ndiye kuti $2.25 kupita m'mwamba. Munthu akakhala pa tebulo ndi $1 yokha, 3-3 wanu alibe naye phindu.

Tsopano pa mantha anu oti athawa. Ndani athawe? Pa matebulo a ndalama zochepa ngati NL2, NL5 ngakhale NL10, vuto la anthu ambiri si kutaya makadi msanga. Vuto lawo ndi kukakamira. Munthu wagwira K wapamwamba ndi A pambali pake, mumtima mwake wawina kale, ndipo sangataye chifukwa choti mwakweza kamodzi. Wa makadi awiri a mtima nayenso sapita kulikonse, akudikira flush yake, makadi asanu a mtundu umodzi. Kuchita check ndi call pamenepo kuli ngati wogulitsa pa msika wa Tsoka amene kasitomala wafika ndalama ili kumanja, iye n'kubisa katundu pansi pa benchi.

Tiyeni tilisewerenso dzanja lomwelo. Pa flop poto ali ndi masenti 32. Mwapanga check, iye wabetcha 20, inu kwezani kufika 65. Akayankha, poto wafika $1.62 ndipo aliyense watsala ndi $4.20. Pa turn, ngati khadi silikuopsa, ikani $1.20. Poto wafika $4.02, mwatsala ndi $3. Pa river $3 imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi poto, ndiye kukankha zonse sikuonekanso kodabwitsa, ndipo wa A-K zimamuvuta kusiya. Poto amakula mochulukitsa. Masenti 45 oonjezera pa flop ndi amene amatsegula njira yoti $3 ilowe pa river. Mukadumpha malo amodzi osabetcha, simungafikenso kumeneko popanda kubetcha chindalama choposa poto, ndipo apo m'pamene anthu amathawadi.

Palinso nkhani ya makadi amene amapha malonda. Mwaona zimene 9 wa mtima anachita? Sanakugonjetseni, koma anakuopsani nonse awiri, wina aliyense n'kumaganiza kuti mnzake wapeza flush. Pa flop ngati K-7-4 ya mitima iwiri, mtima wachitatu umagwa pa turn pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ukagwa, mwina mwatsalira kumbuyo, mwina kasitomala wanu watseka chikwama. Ndalama ilowe makadi amenewo asanafike, pamene muli patsogolo. Set ikakumana ndi munthu wodikira flush pa flop, imawina pafupifupi katatu pa kanayi. Ikakumana ndi A-K ngati ya mnzanu uja, imawina koposa ka 90 pa 100.

Msampha wobisa dzanja lamphamvu uli ndi malo ake, koma ndi ochepa. Muli ndi K-K, flop yabwera K-7-2 ya mitundu itatu yosiyana, mwatsala awiri okha. K watsala mmodzi m'makadi onse, flush palibe woidikira, ndiye mnzanu kawirikawiri alibe choyankhira. Apo mukhoza kumupatsa khadi limodzi kuti agwire kena kake, makamaka ngati mwamuona kuti ndi uja amabetcha aliyense akangoonetsa kufooka. Set yapakati kapena yapansi, ngati 7-7 wanu, ndi ina: ma K atatu akadali kunja, ndipo ndi amene amakulipirani. Mukakhala atatu kapena anayi mu poto, za msampha iwalani, betchani basi, ndipo musabetche mwaumbombo. Magawo awiri mwa atatu a poto, ngakhale kuposa. Anthu a pa matebulo amenewa sawerengera mtengo.

Ndionjezepo chimodzi cha kwathu kuno. Magetsi amathima, netiweki imadula, bandulo imatha pakati pa dzanja. Nthawi yanu ikatha muli kunja, makina amakupangirani check, kapena kukutayirani makadi ngati wina wabetcha. Musakhale pa tebulo foni ili pa 5 peresenti. Ndipo poti set nayonso imaluza, khalani ndi ma buy-in (ndalama yokhalira pa tebulo, ngati $5 ija) osachepera 20 a tebulo limene mukusewera, ndalama yoti ikapita lendi ndi ufa sizikhudzidwa. Iyi ndi juga, ya anthu a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo dola yake sitikuipeza mophweka masiku ano.

Nanga mwakweza pa flop, wayankha, kenako mtima wachitatu wagwa? Musanjenjemere. Ambiri mwa manja ake ndi K chabe, ndiye mukhoza kubetchabe, mochepetsako, mwina theka la poto. Akakukwezerani, yang'anani munthu wake. Wosewera wofatsa, amene usiku wonse wakhala akungoti call, akakweza pa turn ndiye kuti ali nayo. Komabe simunafe. Pa K-7-4-9 muli ndi makadi 10 okupulumutsani: 7 wotsalayo, ma K atatu, ma 4 atatu, ma 9 atatu. Limodzi mwa amenewa limagwa pa river pafupifupi ka 22 pa 100. Ngati poto akukupatsani ka 3 ndi theka pa ndalama imene mukuika, kapena mnzanu watsala ndi zambiri zoti adzalipire full house yanu (makadi atatu ofanana ndi peya, dzanja loposa flush), pangani call. River ikapanda kuthandiza, iye n'kukankha zonse, kutaya set pamenepo si manyazi.

Koma pa flop, wina akakukwezeraninso mpaka zonse, ndi 7-7 pa K-7-4 lowani. Dzanja lokhalo limene likukuposani ndi K-K. Anthu awiri akakhala ndi mapeya m'manja, onse kugwira set pa flop imodzi zimachitika pafupifupi kamodzi pa 100. Pa NL5 munthu amakankha ndi A-K, A-A, 4-4, mitima iwiri, nthawi zina ngakhale K-J. Tsiku limene adzakuonetseni K-K, $5 idzapita, ndipo mudzakhala kuti mwasewera bwino.