Za galu amene akubwera kusukulu ya mwana wanu

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kusaina kalata yochokera kusukulu ya mwana wanu kuno ku England, yopempha kuti azikawerengera galu mabuku chifukwa ndi wamanyazi m'kalasi. Kukayika kwanu n'komveka, poti kwathu galu ntchito yake ndi kulonda pakhomo ndi kusaka, ndipo galu wachilendo amatikumbutsa chiwewe, matenda amene bungwe la Mission Rabies lakhala likulimbana nawo pobaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015. Kuno chiwewe cha agalu chinatha kalekale, choncho nkhawa imeneyo muichotse.

Njira yothandiza ana pogwiritsa ntchito agalu inatchuka ndi katswiri wa maganizo a ana wa ku New York, Boris Levinson, amene anaona mwana wosafuna kulankhula naye akuyamba kucheza ndi galu wake Jingles, n'kulemba za zimenezi mu 1962. Kuno bungwe la Pets As Therapy, lomwe linayamba mu 1983, limatumiza agalu m'masukulu pamodzi ndi eni ake.

Zimene zimachitika n'zosavuta. Mwana amakhala pansi pakona ya laibulale, galu atagona pambali pake, mwini galu ali pomwepo atagwira chingwe. Mwana akaphonya mawu, galu samuseka ngati mmene anzake amachitira, samudula pakamwa kuti amukonze, ndipo dzanja limene likusisita ubweya limaiwala kunjenjemera. Pamenepo ndi pamene pagona phindu lake, chifukwa ana ambiri amanyazi kuwerenga amatha, koma chimawamanga lilime ndi mantha a kusekedwa. Amaphunziranso kudikira nthawi yawo, kuyandikira modekha, ndi kuzindikira kuti galu akamayasamula, kunyambita milomo kapena kutembenuza mutu ndiye kuti watopa, afunika kumusiya.

Komabe ineyo sindingasaine ndisanafunse aphunzitsi ngati galuyo anayesedwa khalidwe lake, ngati ali ndi inshuwalansi, ndiponso kuti ana a mphumu ndi amene ubweya umawayabwa amawateteza bwanji. Mufunsenso ngati galuyo amabwera kwa ola limodzi kapena amaswera pasukulupo, chifukwa bungwe la Dogs Trust silivomereza kusunga galu pasukulu tsiku lonse, poti phokoso la ana limamutopetsa, ndipo galu wotopa ndi amene amaluma.

Mupemphe kuti tsiku loyamba mwanayo angoonerera chapatali anzake akuwerenga. Akakana kuyandikira, asamukakamize, ndipo aphunzitsi amupezere munthu wamkulu woleza mtima woti mwanayo azimuwerengera paokha.